Tikiti ndi ya United, nanga SkyWest yalowa bwanji?

Achemwali, funso lanu ndinaliona usiku nditaweruka, koma ndinati ndiyankhe kukacha mutu uli bwino. Mwati tikiti munagula ya United, ndege yake inali yopaka utoto wa United, koma pa tikitipo analembapo kuti ulendo wochoka ku Chicago kupita ku South Bend auyendetsa ndi a SkyWest. Mwatinso mnyamata wanu akufuna kuphunzira kuyendetsa ndege, ndipo mukudabwa kuti mapayiloti akulimbanabe chiyani ndi mabwana awo chikhalirecho anawakwezera malipiro posachedwapa. Mafunso awiriwa gwero lake ndi limodzi. Ine si payiloti, koma ndatha zaka ndikukonza ndandanda ya ntchito ya mapayiloti pa kampani ina yaing'ono yotereyi.

Chimene munakwera chija ndi ganyu. United Express, Delta Connection ndi American Eagle ndi mayina chabe opaka pandege. Kampani yaikulu ndiyo imagulitsa matikiti, imasankha kopita ndi nthawi yonyamukira, ndipo kawirikawiri mafuta imalipiranso yomweyo. Yaing'onoyo, monga SkyWest kapena Republic, imabweretsa ogwira ntchito, imasamala ndege, n'kumalandira ndalama malinga ndi maola amene yauluka. Kontirakiti ikatha, ntchitoyo ikhoza kupita kwa wina amene watchula mtengo wotsika. Ena mwa makampaniwa eni ake ndi akuluakulu omwewo: Endeavor ndi ya Delta, pamene Envoy, PSA ndi Piedmont ndi a American. Komabe payiloti wa Endeavor si payiloti wa Delta, ngakhale thumba lolipira ndi limodzi.

Kuti mumvetse chifukwa chake zimenezi zimawawa, muyambe mwamvetsa za mndandanda. Kuno ku America payiloti akalembedwa ntchito amapatsidwa nambala potengera tsiku limene wayamba, ndipo nambalayo ndiyo moyo wake wonse. Ndiyo imanena kuti adzakhala liti kaputeni, ayendetsa ndege iti, akhala mzinda uti, Khirisimasi aidyera kunyumba kapena ku hotela, ndiponso kuti zinthu zikavuta ayambe kuchotsedwa ndani. Nambalayi sasamuka nayo. Kaputeni wa zaka 20, kampani yake ikatsekedwa, amakayambira pansi penipeni kwina, kumpando wakumanja wa wothandizira kaputeni, pa malipiro a chaka choyamba, pambuyo pa mwana amene iye anamuphunzitsa. Ndinaziona ndi maso anga pamene kampani ina imene ndinkagwirako inalandidwa maulendo. Bambo wina wa imvi anabwera mu ofesi mwathu kudzabweza chitupa chake, anakhala pampando nthawi yaitali osalankhula, kenako anangofunsa ngati kampani imene yatenga ndege zathuyo ikulemba anthu. Ndege zake zomwezo, njira zake zomwezo, koma iye akayambe ngati mlendo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndiye mabwana akakhala ndi makampani a ganyu anayi kapena asanu, safunika kukuwa pokambirana. Amangoti, mukakwera mtengo ndege tipatsa anzanu. Mapayiloti amati kumeneko n'kuwadulitsa ndi sowo ya anthu awiri, wina kukoka uku wina uko.

Chida chimene mapayiloti a makampani akuluakulu ali nacho ndi ndime ina ya m'kontirakiti yawo imene amaitcha scope clause. Ndimeyi imanena ntchito imene ili yawo ndi imene kampani ingapereke kwa aganyu. Ku Delta, United ndi American malire ake ndi ofanana: ndege ya ganyu isapose mipando 76, ndipo isalemere kuposa mapaundi 86,000 ponyamuka, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 39,000. Chiwerengero cha ndege zoterozo nachonso chili ndi malire. Mukadzakweranso muwerenge mipando, mudzaona kuti siiposa 76. Mphamvu ya ndimeyi imafika mpaka ku mafakitale a kunja. Embraer ya ku Brazil inapanga ndege yatsopano, E175-E2, yosamwa mafuta ambiri, koma inalemera kuposa malirewo, moti ntchito yake anaiimitsa poti kuno palibe akanaigula. Mitsubishi ya ku Japan inalimbana ndi vuto lomweli pakati pa mavuto ena, ndipo inasiya ndege yake ya SpaceJet mu 2023. United nayo inapeza njira yozembera mu 2019: inatenga ndege za mipando 70, n'kuchotsamo ina kuti itsale 50, n'kuzitcha CRJ550.

Kale aganyu ankayendetsa tindege ta mapulopela topita m'matauni ang'onoang'ono, ndipo palibe ankadandaula. Zinthu zinasintha mu 1993 pamene Comair ya ku Cincinnati inayamba kuyendetsa majeti a mipando 50 a Bombardier. Jeti imathamanga ndipo imafika kutali, ndiye inayamba kudya njira zimene zinali za ndege zikuluzikulu. Apa, m'kuona kwanga, mapayiloti a makampani akuluakulu analakwitsa. Ambiri ankaona tindegeti ngati tonyozeka, ndipo analola kuti tipite kwa aganyu bola iwo awonjezeredwe malipiro. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena anazindikira msanga. Mu February 1997 mapayiloti a American ananyanyala ntchito, ndipo imodzi mwa nkhani zikuluzikulu inali yakuti majeti ang'onoang'onowa aziyendetsa ndani. Sitalakayo inatha mphindi 24 zokha, Pulezidenti Bill Clinton anailetsa.

Mwina mufunsa kuti Pulezidenti akulowerera bwanji za kampani. Makampani a ndege kuno amayendera lamulo la njanji, Railway Labor Act la 1926, limene anawonjezeramo ndege mu 1936. Pa lamuloli kontirakiti siitha, imangofika nthawi yoti ikhoza kukonzedwanso, ndipo anthu amapitiriza kugwira ntchito pa malipiro akale. Kuti anyanyale, mpaka bungwe la boma loyanjanitsa, National Mediation Board, livomereze kuti zokambirana zakanika, kenako padutse masiku 30, ndipo ngakhale pamenepo Pulezidenti akhoza kuimitsa. N'chifukwa chake zokambirana zimatenga zaka, ndipo mumaona mapayiloti atavala yunifolomu ataima duu pa eyapoti ndi zikwangwani koma ndege zikuuluka. Sitalaka yomaliza ya mapayiloti a kampani yaikulu yonyamula anthu kuno inali ya Spirit mu June 2010, ndipo inatha masiku osakwana sabata.

Aganyu nawo anayesapo. Mu 2001 mapayiloti a Comair ananyanyala masiku 89 ndipo anapeza malipiro abwino kuposa anzawo onse a makampani ang'onoang'ono. Delta, yomwe inali mwini wake, inaphunzirapo kuti isadalirenso kampani imodzi. Maulendo anagawidwa kwa ena, Comair inayamba kufota, ndipo mu 2012 inatsekedwa. Mapayiloti a makampani ang'onoang'ono nkhani imeneyi amaidziwa onse.

Pambuyo pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September 2001 makampani akuluakulu anagwa motsatizana. United inapita kukhoti la olephera kubweza ngongole mu 2002, Delta ndi Northwest tsiku limodzi mu September 2005, American mu 2011. Malipiro anadulidwa, mapenshoni ambiri anatha kapena kuimitsidwa, ndipo m'nyengo imeneyi ndi mmene malire a aganyu anakwera kuchoka pa mipando 50 kufika 70, kenako 76. Mapayiloti masauzande anali pakhomo opanda ntchito uku akuona majeti a ganyu akuchuluka pa mageti omwe iwo ankanyamukirapo.

Mtengo wotsikawo anaulipira ndi anthu. Pa 12 February 2009 ndege ya Colgan Air, yomwe inkauluka pa dzina la Continental Connection kuchoka ku Newark, inagwa itatsala pang'ono kutera ku Buffalo. Anthu 50 anafa. Ofufuza anapeza kuti kaputeni sanachite zoyenera ndege itayamba kutaya liwiro, koma chimene chinadzidzimutsa dziko n'chakuti womuthandizira ankalandira pafupifupi $16,000 pa chaka, ndipo anali atayenda usiku wonse kuchokera ku Seattle kuti adzayambe ntchito. Achibale a omwalirawo anapanikiza aphungu mpaka lamulo linadutsa mu 2010, ndipo kuyambira 2013 wothandizira kaputeni amafunika kukhala ataulukapo maola 1,500 m'malo mwa 250. Otsutsa lamuloli amakumbutsa kuti mapayiloti awiri aja anali kale ndi maola oposa 1,500, ndipo n'zoona. Koma linachita chinthu china: linachepetsa anyamata olola kugwira ntchito pa malipiro a njala.

Musaope kukwera ndege zimenezi, achemwali. Zimayendera malamulo a chitetezo omwewo a ndege zikuluzikulu, ndipo mapayiloti ake ndi anthu aluso, ena amatera kanayi kapena kasanu pa tsiku m'chipale chofewa.

Zokweza malipiro mwamvazo zinabwera Covid itatha. Mapayiloti achikulire ambiri anapuma msanga, ena anafika zaka 65 zimene lamulo limati asiye, anthu anayambanso kuyenda, ndiye makampani akuluakulu anakokolola makaputeni a aganyu mpaka ndege zina zinangoimikidwa. Mu June 2022 makampani ang'onoang'ono a American anakweza malipiro a wothandizira kaputeni woyamba kumene kufika $90 pa ola louluka. Mu 2022 momwemo mapayiloti a United anakana zimene atsogoleri awo anagwirizana ndi kampani, ndipo anachita bwino, chifukwa mu March 2023 a Delta anasaina zokwezedwa ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, a American anatsatira mu August, ndipo a United mu September anapeza zofika pafupifupi 40 peresenti. Koma malire a mipando 76 sanawagulitsenso. Ine ndimaona kuti chimenechi n'chachikulu kuposa maperesenti onsewo, chifukwa malipiro amadulidwa chuma chikavuta n'kudzabwereranso, pamene ntchito imene yapita kwa aganyu kuibweza n'kovuta zedi. Mkangano wasamukiranso kunja: mapayiloti a Delta anaumirira pangano lapadera lokhudza maulendo ataliatali amene kampani imagawana ndi anzake monga Air France, KLM ndi Korean Air. Palinso chovuta china chimene mabungwe sakonda kuchikamba. ALPA, bungwe la mapayiloti lomwe linayamba mu 1931, limaimira a Delta ndi a United, komanso limaimira a Endeavor, PSA ndi ena a ganyu, anthu amene zofuna zawo nthawi zina zimawombana. A American ali ndi lawo, APA, pamene a SkyWest alibe yuniyoni.

Za mnyamata wanu, asanalipire sukulu iliyonse akayezetse kaye kwa dokotala wovomerezeka ndi FAA, bungwe la boma loona za ndege, kuti apeze chiphaso cha thanzi cha gulu loyamba, chifukwa ena amataya ndalama kenako n'kulephera pamenepa. Ngati sanakhale nzika, adzafunikanso chilolezo cha TSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha maulendo, asanayambe maphunziro. Sukulu yonse imafika $100,000, ndipo maola 1,500 aja ambiri amawakwanitsa pophunzitsa anzawo pa malipiro ochepa. Amene adutsa pa digiri ya zandege ya yunivesite yovomerezeka amaloledwa pa maola 1,000. Ntchito yake yoyamba pafupifupi idzakhala ya ganyu yomweyi. Posankha kampani asatengeke ndi ndalama za chikoka zimene amalonjeza polemba ntchito. Afunse kuti kontirakiti yawo ndi kampani yaikulu itha liti, amatumikira makampani angati, kaputeni munthu amakhala patapita zaka zingati, ndiponso ngati pali pangano lolembedwa lomukwezera ku kampani yaikulu, monga lili ku Envoy, PSA ndi Piedmont. Adziwenso kuti kulemba anthu kunachepa mu 2024 ndege za Boeing zitachedwa kubwera, ndiye asawerengere kuti adzadutsa msanga ngati anzake a 2022. Ngati akufuna, andilembere ku inbox ndimulumikize ndi kaputeni wina amene ndimagwira naye ntchito, amufotokozere mwatsatanetsatane.