Grizzly 700, Brute Force 750 kapena Outlander 1000R: mugule iti?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo sabata yathayi. Akufuna kugula njinga yamoto ya matayala anayi, ija amati quad kapena ATV, ndipo mtima wawo wagawikana pa zitatu: Yamaha Grizzly 700, Kawasaki Brute Force 750 ndi Can-Am Outlander 1000R. Akuti masiku ambiri izikoka ngolo pa famu ya zitunda, yomwe imachita matope mvula ikagwa, koma Loweruka azikakwera ndi anzawo m'tchire. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingotenga ya injini yaikulu kwambiriyo kuti ndisadzanong'oneze bombono?"

Achimwene, nambala yolembedwa pambaliyo isakukopeni. Zitatu zonsezi ndi zazikulu kale. Grizzly ili ndi silinda imodzi ya 686cc, Brute Force ili ndi masilinda awiri a 749cc, pomwe Outlander 1000R yakhala ikubwera ndi injini ya Rotax ya masilinda awiri, ya 976cc, yotulutsa mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri ya Grizzly. Nanga mphamvu yonseyo muigwiritsa ntchito pati? Ngolo sikokedwa mothamanga. Grizzly yomweyo, malinga ndi a Yamaha, imakoka makilogalamu 600, kunyamula 50 kutsogolo ndi 90 kumbuyo. Ngati katundu wanu amaposa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mukufunika thirakitala.

Chimene chidzakusangalatseni kapena kukulizani chili pansi pa chivundikiro cha pambali pa injini: lamba. Njinga zitatuzi zilibe magiya osintha ndi phazi. Zimayendera lamba wa mphira amene amazungulira pakati pa mapule awiri, ndipo mapulewo amatseguka ndi kutsekeka okha malinga ndi liwiro la injini. Mukamakoka cholemera pang'onopang'ono muli mu giya yothamangira ya H, lambayo amaterereka, n'kutentha, n'kupserera. Ine zinandionekera. Ndinakwera chitunda ndi ngolo yodzaza, ulesi wosuntha chogwirira kupita pa L, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, utandigwira. Pakati pa chitunda fungo la mphira linangoti guu, injini ikulira bwinobwino koma njinga ili chiimire. Titatsegula, lamba anali atadyeka malo amodzi, pansi pa chivundikiro pali fumbi lakuda bii. Wolakwa ndinali ine, osati makina, ndipo injini yaikulu ikanangomuotcha msanga.

Apa ndi pomwe ndimaikondera Grizzly. A Yamaha anaika kilatchi yapadera yomwe imalandira kugwedeza kwa poyambira, kotero lamba amakhala wokungika nthawi zonse. Komanso mukasiya kukankha mafuta potsetsereka, injini imagwira njinga yokha mosadukiza. Munthu wotsika phiri ngolo ikumukankha kumbuyo amadziwa kufunika kwa zimenezi. Mabuleki okha amatopa.

Mwina mungafunse ngati ilipo yopanda lamba. Ilipo. Honda Rincon, ya 675cc, ili ndi magiya atatu osintha okha ngati a galimoto. Vuto lake ndi loti ilibe giya ya L, ndiye pa ntchito yanu sindingakulozereni kumeneko.

Tibwere ku matope. Tayala limodzi la kutsogolo likalendewera kapena likalowa poterera, limangozungulira pachabe pokhapokha difu ya kutsogolo, yomwe imagawira mphamvu matayala awiriwo, itakhomedwa. Pa Grizzly mumadina batani ndipo matayala onse anayi amazungulira limodzi musanalowe n'komwe m'thope. Pa Brute Force pali kachogwirira ku dzanja lamanzere, mukamakakoka kwambiri difu imakhomanso kwambiri. N'zokoma kwa wodziwa, ngakhale dzanja limatopa pa thope lalitali. Outlander zambiri zili ndi Visco-Lok, yomwe imadzikhoma yokha ikamva kuti tayala layamba kuterereka. Kwa wongokwera mosangalala n'zabwino chifukwa saganiza kanthu, koma ine pokoka katundu ndimafuna kukhoma ndekha vuto lisanafike.

Chilichonse chimene mungasankhe, tengani cha EPS, kachipangizo ka magetsi kofewetsa chiwongolero. Yamaha anakaika pa Grizzly 700 ya 2007, ndipo ena anatsatira. Phindu lake lalikulu silofewetsa chabe: tayala likagunda chitsa kapena mwala wobisala mu udzu, chiwongolero sichikukwapulani m'manja. Madzulo mapewa anu adzakuthokozani.

Pali nkhani ina yomwe ogulitsa sakonda kukhalitsapo. Njinga zimenezi zimalemera kupitirira makilogalamu 300, ndipo zikagubuduka pachitunda zimagwera wokwerayo. N'chifukwa chake dziko la Australia linalamula kuti kuyambira mu 2021 njinga zatsopano za pa famu zizigulitsidwa ndi chitsulo choteteza wokwera, ndipo Honda ndi Yamaha anasankha kusiya kugulitsa njinga zoterezi kumeneko. Mphamvu ikachuluka, chala chikangokankha mopitirira pang'ono pa malo okumbika, kutsogolo kwadzuka kale. Simunandiuze kuti mwakwera zaka zingati, koma ngati iyi ndi yoyamba, 1000R si ya pophunzirira. Ndipo ngati mukuganiza zokweza mayi a kunyumba kumbuyo, ya mpando umodzi siloledwa kutero. Pamenepo yang'anani Outlander MAX, yomwe anaitalikitsa dala kuti inyamule awiri. Za helemeti sindikufuna n'komwe kukambirana.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanatenga Grizzly. Masiku asanu a ntchito aposa Loweruka limodzi, ndipo silinda imodzi imamwa mafuta mosamala, ilibenso zambiri zoti makanika azisegula. Brute Force ndi ya munthu amene amakonda kulira kwa masilinda awiri ndi kudumpha kwake ponyamuka, ndipo ntchito ya pa famu imaigwira ndithu. Outlander ndingaitenge Loweruka likanakhala chifukwa chenicheni chogulira, famu ili chonamizira. Dzifunseni moona mtima pamenepo, ine sindikuweruzani.

Koma malangizo angawa agwa ngati masipeya a Yamaha ali kutali ndi inu pomwe a Kawasaki ali pafupi. Musanalipire, imbirani wogulitsa aliyense mumufunse ngati lamba, sefa ya mpweya ndi mphira wophimba majoini a ekiselo ali nazo pa shelefu lero, kapena adzachita kuitanitsa. Kenako pemphani kuyesa njingayo, osati pabwalo lathyathyathya ayi. Ikani pa L, kwerani chitunda pa liwiro la munthu woyenda pansi, tembenukani pamwamba, ndipo mutsike osagwira buleki kuti mumve ngati injini ikuigwira.