Bwalo lija musagulitse, mayi

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene anagula poloti kunja kwa mzinda wa Lilongwe, kumalo kumene posachedwa pompa kunali minda ya chimanga. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Tinagula malo anthu pafupifupi 60. Amene anadula mapoloti anasiya malo apakati, aakulu ngati mapoloti anayi, n'kunena kuti ndi bwalo la tonse. Pano m'komiti mwathu mwabuka mkangano. Ena akuti tigulitse malowo kuti tiitanitse gileda ndi kukumbitsa mjigo, poti dzinja likafika galimoto sizilowa ndipo madzi timakatunga kutali. Akutinso bwalolo langosanduka tchire, anthu ayamba kutayapo zinyalala. Ine mtima ukukana, koma pamsonkhano ndikusowa chonena. Kodi ndikungokakamira zachabe?"

Mayi, simukukakamira zachabe. Bwalolo musagulitse. Komano anzanu ajanso musawaone ngati adani, chifukwa matope akunenawo ndi enieni, ndipo mtolo wa madzi pamutu amaudziwa ndi amene amausenza.

Tiyambe ndi masamu ophweka. Gileda ikabwera mu Okutobala, pofika Febuluwale madzi akumbanso zigwembe zomwe zija, makamaka ngati msewu ulibe ngalande. Ndalama yapita, msewu wabwerera mwakale. Mjigo ukhoza kukumbidwa chaka chino, chaka chamawa kapena mutasonkha kwa zaka zitatu. Koma malo a pakati pa nyumba 60 munthu akangowagula n'kuthirapo maziko, basi. Tsiku limene mudzawafune mudzayenera kugwetsa nyumba ya munthu, ndipo palibe komiti imene ingakwanitse zimenezo. M'dera latsopano muli zinthu zitatu zimene zimapezeka pokhapokha nyumba zisanadzaze: kukula kwa msewu, njira ya madzi ndi malo a tonse. Magetsi, mipope, phula ndi sukulu zimatha kubwera mochedwa. Zitatu zija zikakuphonyani, zakuphonyani mpaka adzukulu.

Mzinda umene mukukhalamowu uli ndi phunziro lake pankhaniyi, ndipo phunzirolo lili mbali zonse ziwiri za mkangano wanu.

Lilongwe ngati likulu anachita kujambulidwa papepala. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, linapeza ngongole ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamuka. Ojambulawo anatsata maganizo a mzinda wa mitengo ndi kapinga, amene anayambira ku England ndi Ebenezer Howard. Tauni yoyamba yomangidwa motero inali Letchworth, mu 1903. Lusaka nayenso, amene analanda ulikulu kwa Livingstone mu 1935, anajambulidwa ndi maganizo ofananawo. N'chifukwa chake ku Lilongwe, pakati pa Old Town ndi City Centre, anasiyapo nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo madera anawamwaza patalipatali, aliyense ndi nambala yake. Manambalawo sanatsate kuyandikana kwa malo, n'chifukwa chake mlendo amazunguzika akaona Area 18 ali pafupi ndi Area 47.

Papepala zinali zokongola. Koma chikomekome cha mkuyu. Pulaniyo inkaganizira munthu wa galimoto, pomwe anthu ambiri a mumzindawu amayenda pansi, pa kabaza kapena pa minibasi. Ogwira ntchito kumayadi ndi m'mafakitale anafuna pogona pafupi ndi ntchito, ndiye Mtandire anamera moyang'anizana ndi Area 47, Kauma pafupi ndi Area 12, Mgona m'mbali mwa Kanengo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera amene sanajambulidwe n'komwe. Nanga malo obiriwira aja? Amene anali ndi ntchito yodziwika komanso woyang'anira akadalipo. Amene anangosiyidwa kuti "pano pakhale poyera" ambiri anadyedwa pang'onopang'ono: wina kulimapo chimanga, wina kuumba njerwa, wina kuika kontena, mawa lake mpanda.

Apa ndi pamene anzanu akunena zoona. Malo a tonse amene alibe ntchito sakhala a tonse nthawi yaitali. Amasanduka dzala, kenako pobisalira akuba, kenako dobadoba wina amawapezera kasitomala. Ngati mupita kumsonkhano n'kukangonena kuti "tisagulitse" osanena chimene muchitepo, mudzagonja, mwinanso n'koyenera kuti mugonje. Funso loti mukaponye pamsonkhanopo ndi lakuti bwalo limeneli ligwire ntchito yanji kuyambira mwezi uno.

Ndipo ntchito yake simuchita kuifuna kutali. Kumudzi kwanu bwalo silinkafunika kufotokozera munthu. Pansi pa kachere kapena mkuyu ndi pamene ankaweruzira milandu, kuvinira, kulandirira alendo ndi kuchitira sikelo ya ana. Titabwera m'tauni zosowazo tinabwera nazo, malo okha ndi amene tinawasiya. Taganizirani maliro. Poloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, mutamangapo nyumba, khitchini ndi chimbudzi, singalandire anthu 200 obwera ku siwa. Ndiye timatani? Timaika masamba pamsewu, kukhoma tenti pakati pa njira, azimayi n'kusonkha moto m'mbali mwa ngalande. Ndinakhalapo lendi m'dera lina kumene msewu unali umodzi wokha wolowera. Tsiku lina kutagwa zovuta, tenti inatseka njira masiku awiri, ndipo usiku wachiwiri mayi wapakati wa nyumba yoyandikana nafe anachita kumunyamula mpaka kumsewu waukulu chifukwa galimoto inalibe podutsa. Palibe amene analakwa. Anamfedwa analibe kwina koika tenti.

Onjezani zinkhoswe, misonkhano ya amfumu, banki m'khonde, katemera, kwaya yokonzekera Lamulungu, madala a bawo. Onjezaninso ana, amene pamisonkhano ya komiti sakhalapo. Mwana wa m'dera lopanda bwalo amasewera mpira wachikulunga pamsewu, phada ndi fulaye pamsewu, n'kumathawa njinga zamoto. Kapena makolo amamutsekera mumpanda ndi foni, n'kumadabwa kuti sadziwa mwana wa khomo lachiwiri.

Akatswiri ojambula mizinda anafika pa mfundo yomweyi podzera njira yawo. Mu 1929, Clarence Perry wa ku America anafotokoza za dera lokhalamo anthu limene pakati pake pali sukulu ndi bwalo, misewu ikuluikulu ikudutsa m'mphepete, ndipo mwana akutha kufika pakatipo poyenda mamita pafupifupi 400, kapena kuti mphindi zisanu, osaoloka msewu wa galimoto zothamanga. Anatinso gawo limodzi mwa magawo 10 a malo onse likhale la mabwalo ndi posewerera. Inu muli ndi mapoloti anayi pa 60. Simunafike ndi pa mlingo umenewo, ndiye wina asakuuzeni kuti mukusunga malo ochuluka. Amene anadula mapoloti anu n'kusiya pakati poyera anachita chinthu chimene ogulitsa malo ambiri masiku ano sachita. Ambiri amadula mpaka m'dambo, msewu n'kuusiya wongokwana ngolo.

Tsopano za madzi, chifukwa ndikukayikira kuti vuto la msewu wanu ndi gileda. Mvula ikagwa pamunda, yambiri imalowa pansi. Mukaika malata pa nyumba 60 n'kuwaka simenti pabwalo la nyumba iliyonse, madzi onsewo amathamangira kumsewu nthawi imodzi. Mipanda ya njerwa imawatsekera njira zawo zakale, ndiye amadzikumbira zatsopano. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo a ku Lilongwe anaziona mu 2017 pamene Lingadzi anasefukira ku Mtandire, chaka chomwecho madzi n'kuononganso ku Kaliyeka ndi madera oyandikana nawo. A ku Blantyre anaona zoopsa koposa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kwanuko sikuphiri, koma khalidwe la madzi ndi lomwelo. Bwalo la udzu ndi mitengo pakati pa dera limamwa madzi amene akanathamangira m'nyumba za kumunsi. Mukaligulitsa, pabwera madenga ena anayi kapena kuposa, ndipo msewu umene mwaukonza ndi ndalama ya bwalolo udzalandira madzi ochuluka kuposa kale.

Choncho mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, tulukani ndi ambulera anthu atatu kapena anayi a m'komiti, muyende dera lonse mukuona kumene madzi akuchokera ndi kumene akupita. Jambulani pa foni. Mudzapeza kuti malo oipitsitsa pamsewu ndi awiri kapena atatu okha, pamene madzi amaoloka. Pamenepo ndi pofunika kalavati ndi miyala. Ngalande za m'mbali mukhoza kukumba ndi makasu, khomo lililonse kutsogolo kwake, ndipo msewu ukhale wotumphuka pakati kuti madzi azitsetserekera m'mbali. Gileda ikadzabwera pambuyo pa zimenezi, ntchito yake idzakhalitsa. Mukuyenda choncho muonenso ngati wina sanasunthire mpanda wake kumsewu. Galimoto ziwiri zimafuna mamita pafupifupi 6 kuti zipatukirane, ndiye muonjezepo ngalande, mapolo a magetsi ndi poyenda anthu. Ine msewu wa m'dera wochepera mamita 10 ndimauona ngati mlandu umene ukudikira tsiku lake.

Mjigo uja, bwanji osaukumba pakona pa bwalo lomwelo, ngati okumba atapeza kuti madzi alipo ndipo zimbudzi zili patali? Pamenepo mwapha mkangano theka. Pamjigo sipasowa anthu kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndipo pamene pali maso a anthu palibe amene amabwera ndi wilibala ya zinyalala. Ndalama yake musonkhe, kapena mugogode kukhonsolo ndi kwa phungu wanu. Anthu amene ali kale ndi malo, komiti ndi kandalama koyambira amamveka msanga kusiyana ndi ongopempha.

Zotsalazo n'zotsika mtengo. Tchetchani Loweruka limodzi. Imikani magolo a mitengo ndi mapolo a netibo, ana adzachita okha zotsala. Tchire silimera pamene pakusewera ana. Dzalani mitengo m'mphepete, pakati musiye poyera kuti tenti izikwana. Mbawa imachedwa koma ndi ya adzukulu, kesha amakula msanga, mango amabweretsa mthunzi ndi ana omwe. Bulugama ayi, amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu. Mtengo uliwonse mupatse banja louthirira ndi kuutchingira mbuzi, poti mtengo wa "tonse" umauma m'chilimwe choyamba. Mabenchi awiri a simenti pamthunzi akwanira. Ngati amayi a tomato ndi mandasi afuna kukhala m'mbali imodzi madzulo, alekeni, azipereka kangachepe kosesera. Chimene ndingakane ndi kulola aliyense kumangapo chokhazikika, kaya okala ya njerwa, kaya tchalitchi chongoyembekezera. Zongoyembekezera za kwathu kuno mumazidziwa.

Bwalolo musalizinge ndi mpanda wa njerwa. Ndipo amene mapoloti awo ayang'ana kubwaloko muwapemphe kuti mageti awo atsegukire komweko, mpanda wakutsogolo ukhale waufupi kapena wa maluwa. Ndikudziwa kuti nkhani ya akuba si yocheza, ndipo sindingauze munthu kuti agone pamtetete. Koma msewu wa zipupa zazitali mbali zonse ndi umene munthu amakuchitira chipongwe masana dzuwa likuswa mtengo, wopanda wokuona. Khonde loyang'ana kunjira linkagwira ntchito ya ulonda popanda malipiro.

Chomaliza ndi mapepala, ndipo ichi chitani msanga kuposa zonse. Mawu akuti "ndi bwalo la tonse" anangonenedwa pakamwa kapena analembedwa? Funsani mapu a malo onse amene wogulitsa anagwiritsa ntchito podula, muone ngati bwalolo likuonekapo komanso ngati mapuwo anavomerezedwa kukhonsolo. Kuyambira pa malamulo a za malo a 2016, nkhani ya mapulani sikhudza m'mizinda mokha, ndiye musamve zoti "kuno n'kwa amfumu, mapu safunika". Itanani saveya aike mabikoni m'makona onse anayi anthu akuona, amfumu alipo. Kenako komiti yanu ilembetsedwe mwalamulo ngati bungwe, kuti malowo alembedwe m'dzina la bungwelo. Asalembedwe m'dzina la tcheyamani, ngakhale atakhala munthu wopemphera chotani, chifukwa iye akadzamwalira ana ake adzapeza chikalata m'sutikesi ndipo adzachiwerenga ngati chuma cha masiye. M'malamulo a bungwelo mulembemo kuti malowa sangagulitsidwe kapena kubwereketsedwa popanda chilolezo cholembedwa cha pafupifupi eni mapoloti onse.

Mwina mukafufuza mupeza kuti komiti ilibe n'komwe mphamvu yogulitsa malowo, poti pamapepala akadali a wogulitsa uja. Zikakhala choncho, pamsonkhano wanu nkhani yoyamba isakhalenso ya gileda. Mutumize anthu kwa iyeyo sabata yomweyo, asanamve kuti eni dera ayamba okha kuwerengera mtengo wa bwalo lawo.