Za achimwene aakulu ndi ISTJ yawo ija

Eee mlamu, pepani ndachedwa kuyankha, netiweki kunoko ikuvuta. Mwafunsa kuti ISTJ yawatulukira achimwene aakulu pa mayeso a pa intaneti aja ndi chani, komanso ngati tingawapatse usungichuma wa komiti ya ukwati. Apatseni basi, musachite kukayika.

Zilembo zimenezo anayambitsa ndi mayi wina wa ku America, Katharine Briggs, ndi mwana wake Isabel Myers, anatengera maganizo amene Carl Jung analemba mu 1921 n'kugawa anthu m'magulu 16 malinga ndi khalidwe lawo, ndipo ISTJ ndi dzina la limodzi mwa magulu amenewo. Akatswiri ambiri sawakhulupirira kwenikweni mayeso amenewa chifukwa munthu yemweyo akabwereza patapita masabata angapo nthawi zina zimamutulukira zina, komatu pa achimwenewa yalasa ndithu.

Anthu oterewa akati ndifika 8 koloko, 8 koloko ali pakhomo. Zopereka adzalemba mu kope aliyense ndi dzina lake, za pa Airtel Money pazokha za pa Mpamba pazokha, mpaka ka ndalama kamene amadula potapa kaja kalembedwanso, risiti ya holo ili mu envelopu. Tsiku la perekaniperekani palibe kakobiri kadzasowe, ndikukuuzani.

Pomwe mudzavutane nawo ndi pa zosinthasintha. Mwagwirizana bajeti Loweruka, Lachitatu wina wabwera kuti tiwonjezere mbuzi ziwiri ndi wojambula vidiyo, eee adzakufunsani kuti zimenezo tinagwirizana liti, ndalama yake ichokera kuti, ndipo sazungulira, amangolasa, mpaka munthu kuona ngati akunyozedwa pomwe iwo alibe nazo chifukwa, akungoteteza thumba. Azakhali akakhumudwa musadabwe.

Koma chimene chimandidandaulitsa ine ndi china. Achimwenewa sapempha thandizo, ntchito ya anthu atatu amasenza okha poopa kuti ena aisokoneza, usiku ali pa kope kuwonkhetsa mobwerezabwereza, kutopa osanena, ife timangoona angoti duu pa msonkhano n'kumati ndi khalidwe lawo. Ndiye pa banja pano tinazolowera zoti chilichonse achimwene apanga, maliro iwo, fizi ya ana iwo, wothokoza palibe poti sizinalakwikepo.

Ndiye chonde tiwapezere wothandizana nawo, makamaka wotolera kwa abale ochedwa kupereka aja, pajatu zonyengerera anthu si mbali yawo. Ndipo amene akufuna kusintha kanthu alembe pa gulupu pano msonkhano usanafike kuti awerengeretu. Inuyo mlamu mungathe zotolerazo?