Za dipoziti ya kamera yomwe sitolo ilibe: yankho kwa achimwene a ku Ntcheu

Achimwene, mwafotokoza kuti sitolo ina ya ku Lilongwe yakuuzani kuti Canon EOS R50 yomwe mukufuna yatha, koma mukapereka theka la mtengo ngati dipoziti akuitanitsirani ndipo ifika pakatha masabata atatu, pomwe munthu wina pa Facebook akuti ali nayo kale yochokera ku Dubai pamtengo wotsikirapo, ndipo mukufuna kudziwa njira yoti mutsate. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Dedza, ndipo zida zanga zambiri ndidazipeza kudzera m'njira ziwiri zomwezi, choncho mundilole ndiyankhe mofatsa ngakhale yankho litalike.

Musafulumire kuganiza kuti a sitolo akukunamizani akamati katunduyo palibe. Zaka zapitazi makamera ena akhala akusowa ngakhale m'mayiko omwe amapangidwira. Kumapeto kwa 2021 kampani ya Sony idaimitsa kaye kulandira maoda a ZV-E10 chifukwa cha kuchepa kwa machipi a m'kati mwa kamera, Fujifilm X100VI yomwe idatuluka mu Febuluwale 2024 idadikiritsa anthu miyezi yambiri ku America, ku Ulaya ndi ku Japan komwe, ndipo Canon G7 X Mark III, kamera ya 2019, idasowa m'masitolo achinyamata atayamba kuitamandira pa TikTok. Katundu akachepa, kampani imayamba kupatsa masitolo akuluakulu omwe amaoda zambiri, ndipo sitolo ya kwathu kuno yomwe imaitanitsa makamera awiri kapena atatu imatsalira kumapeto kwa mzere. R50 yanuyi siyosowa kunja ngati zinazi. Chomwe chimaisowetsa kuno makamaka ndi ndalama zakunja, pakuti mwini sitolo ayenera kupeza madola asanalipire amene amamugulitsa, ndipo tonse tikudziwa mmene madola akuvutira m'mabanki. Ndiye chifukwa chake masabata atatu omwe akuuzaniwo muwamve ngati chiyembekezo cha wogulitsa, osati tsiku lomwe iye ali ndi mphamvu yolikwaniritsa.

Kupereka dipoziti pakokha sikolakwika, ndipo nthawi zina palibenso njira ina yopezera chinthu chomwe anthu ambiri akuchifuna. Vuto limabwera ndalama zikaperekedwa pa mawu apakamwa okha. Musanapereke ndalama ndinu amene mukufunidwa, ndipo chilichonse chomwe mungapemphe kuti chilembedwe adzachilemba. Mukangopereka, ndinu amene mudzayambe kuyimba mafoni ndi kupempha. Choncho zonse zimene mukufuna muzikambirane ndalama zili m'manja mwanu. Pepalalo likhale la sitoloyo, lokhala ndi chidindo komanso dzina ndi siginecha ya amene walandira ndalama. Lilembe dzina lonse la kamera, ndipo linene ngati ndi kamera yokha kapena ndi lenzi yake ya RF-S 18-45mm, chifukwa mitengo ya ziwirizi imasiyana ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepa. Linenenso kuti ndi yatsopano ya m'bokosi, litchule tsiku lenileni lomwe katundu akuyenera kufika, ndipo chachikulu koposa, linene kuti tsikulo likadutsa muli ndi ufulu wotenga ndalama zanu zonse popanda kudulidwa kalikonse. Ngati angakane kulemba mfundo yomalizayi, ine sindingapereke ndalama zanga pamenepo, ngakhale sitoloyo ikhale yooneka bwino chotani.

Pali mfundo ina yomwe anthu ambiri amaiwala, ndiyo ya mtengo wotsala. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi idachoka pa K1,180 kapena kuyandikira pamenepo n'kufika pa K1,700. Anthu omwe adali atapereka theka la mtengo wa katundu woitanitsa adadzuka m'mawa n'kumva kuti theka lotsalalo lawerengedwanso mwatsopano, ndipo ena adauzidwa kuti ngakhale theka lomwe adapereka kale silikukwaniranso. Sindikunena kuti ogulitsa onse adachita izi mwachinyengo, pakuti ambiri adali asanalipire kunja ndipo nawonso adaluza. Koma funso loti ndani asenze kusinthako liyenera kuyankhidwa papepala zinthu zisanachitike. Funsani momveka bwino ngati mtengowo ndi wokhazikika m'makwacha kapena ukutsatira dola, ndipo ngati ukutsatira dola, ndi mtengo uti wa dola womwe adzagwiritse ntchito, wa kubanki kapena wa mumsewu. Yesetsaninso kuchepetsa dipoziti, chifukwa theka la mtengo wa kamera ndi ndalama zambiri zoti zikhale m'manja mwa munthu wina. Polipira, tumizani ku akaunti ya banki ya sitoloyo. Musatumize pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya wantchito, chifukwa wantchitoyo akadzasiya ntchito sitolo ikhoza kudzakana kuti sidalandire kanthu.

Mukapereka ndalama, nkhani imasanduka ya kalondolondo, ndipo apa ndi pomwe ife okhala kutali ndi tawuni timavutikira. Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, inu a ku Ntcheu ndiye mumapitirira pamenepo, ndipo ulendo uliwonse wopita kukangomva kuti mubwere mawa ndi ndalama ya thiransipoti ndi tsiku la ntchito zotayika. Musakwere minibasi asanakutumizireni chithunzi cha bokosi chooneka siriyo nambala yake. Pofunsa za katundu wanu, lembani uthenga pa WhatsApp kapena pa imelo m'malo moyimba foni, ndipo ngati mwalankhulana pafoni, tumizani uthenga wachidule wobwereza zomwe mwagwirizana ndi tsiku lake, kuti pakhale umboni. Sankhani munthu mmodzi woti muzilankhula naye. Dziwaninso kuti mnyamata kapena mtsikana wa pakauntala kawirikawiri si amene amaoda katundu, ndipo kumukalipira sikufulumizitsa kanthu, kumangomuchititsa kuti asamayankhe foni yanu. Chomwe chimathandiza ndi kumupempha mwaulemu kuti akulumikizeni ndi manijala, ndi kufunsa funso lomwe lili ndi yankho logwirika: kodi katunduyo wanyamuka kale, ndipo ngati wanyamuka, nambala yomulondolera ndi iti? Sitolo yomwe yaodadi imatha kuonetsa nambalayo kapena invoisi ya komwe yagula. Ine ndidadikirapo lenzi kwa nthawi yaitali pa sitolo ina, ndipo chomwe chidasuntha nkhaniyo ndi uthenga wodekha womwe ndidalembera manijala, wokhala ndi chithunzi cha pepala lathu la mgwirizano ndi tsiku lomwe ndinkafuna ndalama zanga zitabwerera. Adabweza zonse popanda mkangano.

Zikakanika, lembani kalata yopereka masiku oti akubwezereni, musunge kope lake, kenako mukadandaule ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomwe limamva madandaulo a ogula ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalonso limalankhulira ogula. Chikwangwani chomwe timachiona m'masitolo chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichichotsa udindo wa wogulitsa ngati katunduyo ndi wowonongeka, pakuti malamulo athu salola wamalonda kudzichotsera udindo umenewu. Kulemba dzina la sitolo pa Facebook ndikanakulangizani kuti kukhale komalizira, chifukwa mukayamba nako mumatseka khomo lokambirana, ndipo mukalemba zopyola umboni wanu mukhoza kudzipalira mlandu.

Tsopano za munthu wa pa Facebook uja. Kamera yotsika mtengo yochokera ku Dubai sikuti ndi yabodza ayi. Nthawi zambiri imakhala Canon yeniyeni, koma yomwe idapangidwira msika wa dera lina n'kudutsa m'manja mwa amalonda omwe si ovomerezeka ndi kampani. Kusiyana kwake kuli pa waranti, chifukwa makampani a makamera amapereka waranti motsatira dera lomwe kamera idagulitsidwira. Mwachitsanzo, ya Canon USA imagwira ntchito ku United States ndi ku Canada basi. Ndiye funso loti mumufunse ndi lakuti kamerayo ikasiya kuyaka m'mwezi wachitatu mudzapita nayo kwa ndani, ndipo ndani adzalipire. Funso lomweli mulifunsenso a sitolo ya ku Lilongwe, chifukwa masitolo ena nawonso amagula m'njira yomweyo, ndipo waranti yomwe amanena imakhala ya iwo eni, yomwe iyenera kulembedwa palisiti ndi miyezi yake. Koma chimodzi sindingasinthe: munthu wa pa Facebook musamutumizire ndalama iliyonse, ngakhale yoti akusungireni katundu, musanaigwire kamerayo ndi manja anu. Akamakuuzani kuti pali wina yemwe akuifuna lero lomwe, musiyeni aigulitse kwa winayo. Mukakumane masana pamalo a anthu ambiri, ndipo mutenge mnzanu wodziwa makamera.

Kaya mwagula kusitolo kapena kwa munthu, musamalize kulipira musanaiyese. Siriyo nambala ya pansi pa kamera ifanane ndi ya pabokosi ndi ya pakhadi ya waranti, ndipo ilembedwe palisiti. Onani pa tsamba la Canon zomwe zimayenera kukhala m'bokosi, chifukwa pali amalonda omwe amachotsa batire lenileni la LP-E17 n'kuikamo lotsanzira, kenako lenilenilo n'kuligulitsa palokha. Tengani memori khadi yanu, jambulani khoma loyera mutachepetsa bowo la lenzi kufika pa f/16 kuti muone fumbi kapena madontho pa sensa, kachipangizo ka m'kati kolandira chithunzi, jambulaninso chivundikiro chili pa lenzi kuti muone ngati pali timadontho towala pa chithunzi chakuda, ndipo musiye vidiyo iyende mphindi zingapo. Pa R50 pali chinthu china chomwe ogulitsa ambiri sanena, mwina chifukwa nawonso sachidziwa: pomwe pamamangidwa fulashi yapadera pamwamba pake palibe tizitsulo takale tolumikizira, kotero mafulashi ambiri omwe tili nawo kale sagwira ntchito popanda adaputala ya AD-E1. Kwa munthu wojambula madyerero a ukwati m'holo madzulo imeneyi si nkhani yaing'ono, ndipo ndi bwino adaputalayo ilowe mu oda yomweyo kusiyana ndi kudzayambanso kudikira kachiwiri. Ngati muli ndi malenzi akale a Canon a mtundu wa EF, onjezaninso adaputala ya EF-EOS R. Kamerayi ili ndi malo a khadi imodzi yokha, choncho khadi yachinyengo ikhoza kukutayitsani ukwati wonse wa munthu. Gulani yolembedwa V30, chizindikiro cha liwiro lake posunga vidiyo, pamalo odalirika ndipo muiyese pa kompyuta ndi pulogalamu ya H2testw, yomwe imaona ngati kukula kwa khadi ndi koona, musanaigwiritse ntchito. Pa mitundu iwiri ya vidiyo yomwe kamera imakupatsani, PAL ndi NTSC, musankhe PAL, chifukwa magetsi a ESCOM ndi a 50Hz ndipo kamera yosiyidwa pa NTSC imaonetsa kuphethira pansi pa mababu ena.

Njira yachitatu yomwe simunaitchule ndi yoitanitsa nokha kuchokera kumasitolo odziwika monga B&H ndi Adorama a ku New York, Orms ya ku Cape Town kapena Outdoorphoto ya ku Pretoria. Pamasamba awo samalani mawu akuti in stock, backorder ndi pre-order, chifukwa oyamba okha ndi amene akutanthauza kuti katundu alipo lero, ndipo mufunse ngati ndalama zimachotsedwa pa khadi tsiku loodera kapena tsiku lotumiza. B&H salandira malipiro kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo chifukwa cha Sabata, musadabwe nazo. Mtengo wa patsamba muuonjezere ndalama ya DHL komanso msonkho wa MRA, womwe umawerengedwa pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wa mayendedwe ake, ndipo mufunsiretu kubanki yanu malire a madola omwe khadi yanu ingalipire. Mabatire a lithium apadera amavuta kutumiza pandege. Kubweza katundu kumaloledwa, B&H amapereka masiku 30, koma mtengo womubwezera kuchokera kuno ukhoza kukufooketsani. Ena amadalira matransipota ochokera ku Johannesburg omwe amadutsira ku Tete n'kulowera pa chipata cha Dedza. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma katundu amayenda wopanda inshuwalansi, choncho pamafunika munthu yemwe mumamudziwa bwino, invoisi yolembedwa m'dzina lanu, ndi pepala la kasitomu losonyeza kuti msonkho walipiridwa.

Ndikadakhala inu, ndikadapita kaye kukaona kamera ya munthu wa pa Facebook ngati akulola kuiyesa ndi kulemba mgwirizano, ndipo ndikadaigula pokhapokha kusiyana kwa mtengo kuli kwakukulu mokwanira kulipirira kukonzetsa tsiku lina. Kupanda apo ndikadasankha sitolo, ndi dipoziti yochepa ndi pepala lokhala ndi mfundo zija. Ndipo popeza mwanena kuti mukuifuna nyengo ya maukwati ndi Umhlangano wa ku Nkolimbo isanafike, chonde musalandire ndalama ya kasitomala podalira kamera yomwe ikadali m'njira. Konzeranitu kobwereka kapena kochita hayala kwa anzathu ojambula a ku Ntcheu kapena kuno ku Dedza, ndipo yanuyo ikafika muigwiritse ntchito tsiku lililonse m'masabata oyambirira, kuti vuto lililonse lionekere nthawi yobweza isanathe.