Nkhuku yalanditsidwa kukamwa kwa chilombo: mayankho kwa alimi

Sabata ino mafunso ambiri abwera pa nkhani imodzi, ndipo sindikudabwa. Mvula ikakhazikika, tchire limafika mpaka kuseri kwa nyumba, ndiye likongwe, vumbwe ndi agalu oyendayenda amapeza pobisalira. Ndasankhapo mafunso anayi.

Mayi wina wa ku Ntcheu akuti: "Galu wa aneba anagwira thadzi langa dzulo madzulo. Ndinalilanditsa koma khungu lasendeka pamsana, kukula ngati chikhatho. Langokhala ndwii, silikudya. Ndilisoke ndi ulusi kapena ndingolipha?"

Mayi, mpeni uyambe wadikira, singano nayonso ibwezereni m'chitini. Nkhuku imapola mabala modabwitsa, ndipo khungu losendeka, ngakhale likuchititsa nthumanzi kuliona, si limene limapha kawirikawiri. Chimene ndimaopa ine ndi timabowo ta mano, tija tobisika pansi pa nthenga. Galu akagwira nkhuku amaikutumula, ndiye mano amalowa mkati kusiya majeremusi, kunja kukungooneka kadontho ka magazi.

Choyamba lichotseni pakati pa zinzake. Liikeni m'dengu kapena m'katoni yoboola, pansi muyale kansalu koyera, osati utuchi kapena mankhusu omwe amakanirira pa bala. Malowo akhale otentherako, amdima pang'ono, opanda ana odzasuzumira mphindi iliyonse. Kukhala ndwii kumene mukunenako nthawi zambiri ndi mantha ndi ululu. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo yovulala imazizidwa msanga. Ngati magazi akutulukabe, panikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi zisanu osasuzumirapo.

Likakhazikika, funani wina akugwirireni. Lifunditseni kansalu kumutu kuti lisaphiriphithe, koma musaligoneke chagada nthawi yaitali chifukwa limavutika kupuma. Fufuzani thupi lonse, makamaka kunsi kwa mapiko, m'khosi, pachifuwa ndi m'ntchafu. Mano a galu amaluma mbali ziwiri, choncho mukapeza bowo pamsana, funani linzake kumimba. Dulani ndi sizasi nthenga zozungulira bala, musazule.

Tsopano kutsuka, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Wiritsani madzi, adikireni afunde, kenaka sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere m'botolo la theka la lita. Thirani madziwo pa bala mosaumira mpaka dothi, malovu ndi tinthenga zitachoka. Ngati muli ndi sirinji yopanda singano, ndi yabwino kwambiri popopera m'timabowo tija. Mukatero pakani ayodini wosungunula ndi madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka, kapena jivi, kapenanso mankhwala opopera pa zilonda za ziweto amene amapezeka m'mashopu a zaulimi. Jivi ali ndi ubwino wina woti amabisa kufiira kwa bala. Uchi weniweni nawonso umathandiza, kungoti umaitana nyerere, ndiye dengulo likhale pamwamba.

Za kusoka ndikukana. Bala lolumidwa ndi lakuda kale, mukalitseka ndi ulusi mwatsekera majeremusi mkati ndipo liola. Ngati khungu likulendewera koma likadali lamoyo, litsukeni n'kulibwezera pamalo pake, basi. Tsukani kawiri pa tsiku masiku atatu oyamba, kenaka kamodzi. Pakatha masiku angapo mungaone malo ozungulira bala akubiriwira. Musathamangire kunena kuti laola, mikwingwirima ya nkhuku imaoneka choncho. Mphuno yanu ndiyo idzakuuzani zoona: bala lowola limanunkha, limada komanso limatupa.

Mdani wina nyengo ino ndi ntchentche. Mazira ake amaswa tsiku lisanathe, moti mukhoza kugona bala lili bwino, mawa lake n'kupeza mphutsi. Phimbani dengu ndi chidutswa cha neti yakale yong'ambika. Ndati yakale, ana asagone pamtetete chifukwa cha nkhuku.

Kusadya tsiku loyamba si vuto, koma kusamwa ndi vuto. Sungunulani supuni yaikulu imodzi ya shuga mu lita ya madzi, viikani nsonga ya mlomo wake kuti limwe lokha. Musalikanule kukamwa n'kuthiramo madzi. Kuseri kwa lilime kuli kabowo kopumira, ndipo madzi akalowa pamenepo nkhuku ikhoza kutsamwa n'kufa. Likayamba kujompha, lipatseni phala la madeya lofewa, dzira lowiritsa lonyenyanyenya, usipa wosinja kapena chiswe. Bala limapola ndi zakudya zomanga thupi, madeya okha sakwanira.

Pa kulumidwa ndi galu kapena mphaka, kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu lero lomwe, chifukwa nthawi zambiri pamafunika mankhwala opha majeremusi, monga oxytetracycline, pa mulingo woyenera kulemera kwa nkhukuyo. Makapisozi anu otsala a kuchipatala ndi Panado musaipatse.

Bambo wina wa ku Mchinji akufunsa kuti: "Kwathu kuno timapaka oili wakuda wa galimoto kapena phulusa pa chilonda cha chiweto. Kodi pa nkhuku sizingatheke?"

Bambo, ndikudziwa chifukwa chake anthu amatero: oiliyo amathamangitsa ntchentche, phulusa limaumitsa pamwamba. Koma oili wogwira kale ntchito ali ndi poizoni, amaotcha mnofu, ndipo nkhuku podzikonza nthenga imamumeza. Phulusa limapanga nkhanambo mafinya ali mkati. Parafini ndi tsabola ndiye musayerekeze n'komwe. Mchere ndi madzi owiritsa muli nazo kale m'nyumba, ndipo zimaposa zonsezi.

Funso lachitatu ndi la mnyamata wa ku Zomba amene wangoyamba kuweta nkhuku za Mikolongwe. Akuti: "Likongwe analowa m'khola usiku. Ziwiri zafa, imodzi ikupuma movutikira ndipo mwendo ukulendewera. Ndidziwa bwanji ngati ichira? Nanga zakufazo tingadye?"

Achimwene, pano ndilankhula mosapsatira. Si nkhuku iliyonse imene iyenera kusungidwa. Ngati matumbo akuoneka, ngati khosi lapindika moti mutu sukudzuka, ngati miyendo yonse iwiri yafa, kapena fupa lathyoka n'kutulukira kunja, kuisunga ndi kuizunza chabe. Mvetserani kapumidwe kake. Nkhuku ili ndi timatumba ta mpweya m'thupi mwake, ndipo dzino likaboola pamenepo mumamva kamluzi kapena kuona thovu pa bala ikamapuma, mwinanso khungu limafufuma ngati chibaluni. Yang'ananinso chithokomiro, kathumba kapakhosi kosungira chakudya: ngati chabooka, madzi ndi chakudya zimatulukira pakhosi. Zoterezi zimafuna dokotala wa ziweto, ndipo ngati ali kutali, kuipha mwachangu ndi chifundo.

Mwendo wothyoka kumunsi, pamene pali mamba, khungu lisanabooke, umatheka. Uwongoleni pang'onopang'ono, kulungani thonje kapena kansalu, ikani timitengo tiwiri ta nsungwi tosalala mbali ndi mbali, mumange mosathinitsa. Tsiku lililonse gwirani zala zake. Zikazizira kapena kutupa, mwamanga kwambiri, masulani. Pakatha masabata atatu fupa limakhala litagwirana, ngakhale ina imatsala ikutsimphina. Kuthyoka kwa m'ntchafu n'kovuta kumanga pakhomo.

Za ndiwo tsopano. Zimene mwazipeza zitafa kale, zikwirireni mozama kapena kuziotcha, chifukwa simudziwa kuti zagona maola angati. Yovulala kumene, imene mwaipha nokha nthawi yomweyo isanalandire mankhwala, mukhoza kudya mutadula n'kutaya malo onse olumidwa ndi kuiphika mpaka ipse bwinobwino. Imene bala lake layamba kununkha, ayi. Imene yalandira mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pa paketi musanadye nyama kapena mazira ake, ndipo kukaigulitsa pamsika masikuwo asanakwane ndi kulakwira anzanu.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala polanditsa nkhuku. Nkhuku siifalitsa chiwewe, koma malovu a galu amene ali pa nthenga zake akhoza kulowa pa kabala ka m'manja mwanu. Valani majumbo m'manja poigwira ndipo musambe ndi sopo mukamaliza. Ngati galuyo anali wachilendo, wotuluka dovu kapena woluma chilichonse, nkhukuyo isadyedwe, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Ngati wakulumani kapena kukukandani inuyo, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo. Nkhuku idikire.

Lomaliza ndi la agogo ena a ku Dowa: "Msoti wanga unakandidwa ndi kabawi, ndinausamala ndipo bala lauma. Nditaubwezera kwa zinzake zinayamba kuujompha. Ndalakwitsa pati?"

Agogo, mwasamala bwino, mwangofulumira. Nkhuku zikaona chofiira kapena nkhanambo zimajompha, ndipo zikalawa magazi sizisiya. Komanso ikasowa pagulu masabata awiri, zinzake zimaitenga ngati mlendo. Dikirani khungu litseke ndipo tinthenga tiyambe kumera. Kenaka uikeni msotiwo m'chitete pabwalo masiku awiri kapena atatu kuti zizionana osakhudzana, ndipo muubwezere m'khola usiku zinzake zitagona. Tambala akhale patali kaye, chifukwa zikhadabo zake pokwera zimang'ambanso bala la pamsana. Ngati tsiku la katemera wa chitopa linadutsa uli m'dengu, kumbukirani kuudonthezera katemerayo m'diso ukapeza mphamvu.

Kwa nonse anayi: chilombo chimene chalawa nkhuku chimabweranso, kawirikawiri usiku wotsatira. Lero lomwe zungulirani khola ndi kutseka bowo lililonse limene zala zitatu zingalowe, chifukwa likongwe amapanikizika pamalo pang'ono kwambiri. Khola la m'mwamba, lokwera mita imodzi kuchokera pansi, lokhala ndi malata okulunga ku nsanamira, limavuta kukwera. Lambulani tchire lozungulira nyumba, ndipo anapiye asungeni m'chitete kapena m'kampanda kofolera masabata asanu ndi limodzi oyamba, poti ndi amene kabawi ndi khwangwala amayamba kutola. Mayi a ku Ntcheu, za galu wa aneba kambiranani mwamtendere kuti azimangidwa ndi kubayitsidwa katemera wa chiwewe, zikakanika nkhaniyo ipite kwa amfumu.