Kugula whisky wa single malt paulendo wochokera ku Scotland kubwerera kumudzi

Achimwene, mwati mukuchokera ku Edinburgh kudzera ku London ndi Addis Ababa mpaka ku Lilongwe, ndipo mukufuna kuwatengera apongozi anu botolo labwino la single malt. Funso lanu n'lakuti mugule kuti, mugule botolo liti, ndipo mulinyamule bwanji. Ndaona ambiri akukuuzani kuti mungogula pa duty free, masitolo a pabwalo la ndege ogulitsa popanda msonkho. Upangiri umenewo umadyetsa anthu ndalama zambiri, choncho tiyeni tiufukule.

Yambani ndi zolembedwa pabotolo, osati kukongola kwa katoni. Malinga ndi malamulo a 2009 oyendetsera Scotch, whisky wa ku Scotland, mowa umatchedwa single malt ngati wapangidwa ndi chimera cha balere chokha, watchezedwa pa fakitale imodzi, wakhala m'migolo ya mtengo wa oak ku Scotland konko kwa zaka zosachepera 3, ndipo ukali wake sunatsike pa 40%. Mawu awiriwo, single malt, ayenera kuoneka pabotolo. Johnnie Walker ndi Chivas Regal ndi mowa wosakaniza, ngakhale mtengo utakwera bwanji. Monkey Shoulder amalemba kuti blended malt, kutanthauza kuti ndi wa chimera inde, koma wochokera ku mafakitale angapo. Nambala ya zaka, kaya 10, 12 kapena 16, imanena za mowa wamng'ono kwambiri umene uli m'botolomo. Ngati nambala palibe, chomwe lamulo likukutsimikizirani ndi zaka 3 zokha basi.

Apa ndi pamene pali msampha wa pabwalo la ndege. Mashelefu ambiri kumeneko amadzaza ndi mabotolo olembedwa kuti travel exclusive, opangidwira apaulendo okha, monga Talisker Dark Storm kapena Laphroaig Four Oak. Ena mwa iwo ndi okoma ndithu, sindikuwanyoza. Vuto ndi lakuti ambiri alibe nambala ya zaka, ndipo popeza mumzinda sapezeka, mulibe pofanizira mtengo. Mumangokhulupirira dzina ndi katoni.

Chachiwiri ndi kukula kwa botolo. M'masitolo a ku UK botolo limakhala la 70cl, ku South Africa 750ml, pamene pa duty free ambiri ndi a lita imodzi. Kuti mufanizire mwachilungamo, chulukitsani mtengo wa 70cl ndi 1.43. Tiyerekeze kuti botolo mwaliona pa £40 mumzinda: lita yake ndi pafupifupi £57. La lita likakhala pa £50 pabwalo la ndege, mwapindula. Likakhala pa £60, msonkho umene akuti akuchotserani wathera m'thumba la wogulitsa. Musananyamuke, jambulani pafoni mitengo ya mabotolo atatu amene mukuwafuna ku Tesco kapena Sainsbury's, chifukwa masitolo amenewa amatsitsa kawirikawiri mitengo ya Glenfiddich 12, Glenlivet 12 ndi Laphroaig 10. Dziwaninso kuti ku Scotland masitolo amagulitsa mowa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndiye osadalira kugula m'mamawa wa tsiku la ulendo. Komanso kuyambira mu Januwale 2021 alendo sabwezeredwanso VAT pa katundu amene agula m'masitolo a ku England, Scotland ndi Wales n'kunyamula okha.

Tsono mugule botolo liti? Fufuzani kaye chimene apongozi amamwa, ngakhale kudzera mwa akazi anu. Nkhani yaikulu ndi utsi. Mafakitale ena amaumitsa chimera pa moto wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene limayaka likauma, ndipo fungo lake limalowerera mpaka m'botolo. Laphroaig, Ardbeg ndi Lagavulin a pachilumba cha Islay ali choncho: amanunkhira utsi, phula, ena amati ngati mankhwala a kuchipatala. Amene amawakonda safuna china, koma kwa munthu wozolowera Glenfiddich, botolo lotere limangokhala pashelefu zaka. Ngati simukudziwa, pitani pakati. Highland Park 12 wa ku Orkney ali ndi kautsi kochepa ndi kutsekemera ngati uchi. Glendronach 12, wa 43%, amakhala m'migolo imene munali vinyo wa sherry, ndiye amamveka ngati zipatso zouma. Balvenie DoubleWood 12 ndi wofatsa, sakhumudwitsa munthu. Kwa okonda utsi, Lagavulin 16 kapena Talisker 10 wa 45.8% ndi mphatso yolemekezeka. Bunnahabhain 12 ndi wa ku Islay koma utsi ulibe kwenikweni, choncho dera lokha lisakunamizeni.

Maganizo anga ndi akuti, popeza muli ku Edinburgh kumene, n'kulakwa kudikira bwalo la ndege. Pa msewu wa Royal Mile pali sitolo ya Royal Mile Whiskies, ndipo kumunsi kwake ku Canongate kuli Cadenhead's. Cadenhead's ndi Gordon & MacPhail wa ku Elgin amathira m'mabotolo awoawo mowa wochokera ku mafakitale ena, nthawi zina kuchokera mumgolo umodzi wokha, zinthu zomwe ku Lilongwe kapena ku Johannesburg simungazione wamba. Auzeni ogulitsa ndalama zimene muli nazo ndi mowa umene mwini mphatso amakonda. Ngati mukukayika pakati pa awiri, gulani timabotolo ta 5cl mulawe kaye. Pabotolo yang'anani 46% ndi mawu akuti non chill-filtered: ndiye kuti sanausefe atauziziritsa, mafuta opatsa kukoma akadalimo. Mtundu wakuda usakukopeni, chifukwa lamulo limalola kuthira karamelo wa E150a kuti mowa uoneke wokhwima. Amene sanathire amakonda kulemba natural colour.

Kanyamulidwe ndi komwe anthu amalirira. Njira zilipo ziwiri.

Mukagula mumzinda, botolo lilowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Malamulo a ndege amalola malita 5 pa munthu a mowa wa pakati pa 24% ndi 70%, uli m'botolo lake losatsegula. Wopitirira 70% saloledwa konse, koma ngakhale Glenfarclas 105 wa 60% ali mkati mwa malire. Zengani chitsekero ndi tepi, ikani botolo mu jumbo yolimba n'kumanga, kenako likulungeni ndi juzi kapena thaulo, muliike pakatikati pa zovala, kutali ndi matayala ndi m'makona. Mabotolo awiri asagundane. Katoni kapena chitini chake si chitetezo: botolo limagwedezeka mkatimo ndipo limathyokera pakhosi, ndiye ngati mukufuna katoniyo chifukwa ndi mphatso, tsekani mipata ndi masokosi. Lita imodzi pamodzi ndi galasi lake imatha kufika makilogalamu 1.5 kapena kuposa, muwerengere pa sikelo.

Mukagula pa duty free ku London, auzeni pa kauntala kuti mukasintha ndege ku Addis Ababa. Aike botolo mu jumbo yoonekera yomata ija, ya mzere wofiira, lisiti lili mkati moonekera. Musaitsegule mpaka mutafika, ngakhale kuti muikemo chokoleti. Posintha ndege mumadutsanso pa chipikisheni, ndipo jumbo yong'ambika kapena yopanda lisiti ndi chifukwa chokwanira choti akulandeni botolo, popeza lapitirira 100ml. Zoti mabwalo ena a ku UK anafewetsa lamulo la 100ml chifukwa cha makina atsopano sizikukutetezani kumabwalo a kutsogolo. Wosafuna kugunda mtima agule pa bwalo lomaliza atadutsa kale chipikisheni, kungoti kumeneko mitundu imachepa. Polipira ndi khadi, makina akakufunsani ndalama yolipirira sankhani ya dziko limene mulilo, chifukwa kusintha kwa makinawo kumadula.

Malire a ndege ndi a kasitomu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malita 5 aja ndi ololedwa kukwera ndege, osati kulowa m'dziko opanda msonkho. Onani malire a MRA musanagule, ndipo mukapitirira nenani nokha pofika pa Kamuzu International Airport, lisiti lili m'manja kuti msonkho awerengere pa mtengo weniweni. Amene mumadzera ku Johannesburg n'kutuluka pabwalo kukagona, South Africa imalola lita imodzi yokha ya mowa waukali popanda msonkho.

Likafika kunyumba, botolo liime chilili. Si vinyo: mukaligoneka, ukali wa mowa umadya chitsekero mpaka chimafumbutuka potsegula. Lisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotseka m'nyengo ya Okutobala, chifukwa kutentha kumakankha chitsekero n'kuyamba kudontha. Mowa ukalowa m'botolo sukulanso, wa zaka 12 ukhala wa zaka 12 ngakhale ausunge mpaka ukwati wa mdzukulu. Ndipo muwachenjezeretu apongozi kuti wa non chill-filtered uja akathiramo madzi ozizira kapena ayezi amachita mbuu ngati chifunga. Ndi mafuta aja akuoneka, asaganize kuti mwawagulira wachinyengo.