Yankho kwa achemwali ofunsa za "don't hold your breath"

Achemwali ndaona funso lanu lija, mwati munawafunsa abwana anu ku Johannesburg ngati akukwezereni malipiro chaka chino ndiye anangoyankha kuti "don't hold your breath", ndipo mukufuna mudziwe ngati akutanthauza kuti mtima ukhale mmalo zitheka. Pepani ndithu koma ayi. Akukuuzani kuti musadikire, mwina sizichitika nkomwe. Taganizirani munthu amene watseka mphuno ndi pakamwa osapuma kudikira chinthu, ndiye iwo akuti mukatero mukomoka chinthucho chisanafike.

Ine zinandichitikiranso chimodzimodzi nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, ndinapempha masiku oti ndipite kumudzi pa Khirisimasi, mayi wina wa mu ofesi anandiyankha mawu omwewo, ine nkutuluka ndikumwetulira mpaka ndinawaimbira amayi kuti ndikubwera. Zinandipweteka nditamva tanthauzo lake, nchifukwa chake ndikulemba zambiri chonchi kuti wina asagwe mbuna yomweyo.

Vuto lathu ndi loti ku Chichewa kupuma ndi kumodzi, kupuma mpweya ndi kupuma utatopa, ndiye tikangomva "breath" maganizo amathamangira ku mtendere. Koma abwana akakhala "breathing down your neck" palibe mtendere pamenepo, ndiye kuti akuima kumbuyo kwako kukulondalonda pa chilichonse mpaka mpweya wawo ukumveka pakhosi. "Save your breath" ndi kuti usadzivute kulankhula sakumvera. "Under your breath" ndi kung'ung'udza chapansipansi. Wothamanga amene ali wefuwefu ndi "out of breath", akaima kaye kuti mpweya ubwerere ndiye "catch your breath". Komanso amene mukukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kapena a MSCE samalani polemba, breath ndi mpweyawo, breathe wa e kumapeto ndi kupumako.

Tsono pa "blow" ndi pamene pali ntchito. Palokha ndi kuuzira basi, ngati momwe timauzirira makala pa mbaula, koma kamawu kakang'ono kotsatira ndi kamene kamasintha zonse. "Blow out" ndi kuzimitsa kandulo. "Blow up" bomba laphulika, komanso kuuzira chibaluni kuti chifufume, komanso munthu kupsa mtima mwadzidzidzi nkuyamba kukalipa, achinyamata amatinso foni yawo ili "blowing up" mamesej akamalowa motsatizana. Zikuoneka zambiri eti? Koma chithunzi ndi chimodzi, chinthu chikudzadza mpweya mpaka kuphulika. Pamene "blow over" ndi yokoma, mnzako akakuuza kuti mkangano wa kuntchito "will blow over" akuti udutsa wokha, ngati mitambo yakuda ija imasonkhana mu Novembala mwachotsa kale chimanga pa mkeka kenako mphepo nkuikankhira kwina osagwa ndi dontho lomwe. "I blew it" ndi kuti mwayi unali mmanja ndautaya ndekha.

Imene ndimaikonda ine ndi "let off steam" kapena "blow off steam". Inachokera ku ma injini a nthunzi akale, nthunzi ikachuluka ankaitulutsa kuti chithanki chisaphulike. Onani mphika wa nyemba ukuwira chivindikiro chikuvina gwedegwede, mukachitsegula pang'ono umakhala bata. Munthu naye akapita kokamenya mpira kapena kukamukhuthulira mnzake zakukhosi ataweruka, ndi zimenezo. Ndiye pali "blow hot and cold", munthu wa lero akukufuna mawa sakukuyankha, imeneyi inachokera mu nthano ya Aesop, wanthano wakale wa ku Greece, yonena za munthu amene anauzira manja ake kuti afunde kenako nkuuziranso chakudya kuti chizizire, pakamwa pomwepo.

Za kutupa sizovuta kwambiri. Mwendo ukatupa ndi "swell up", mwendowo ndi "swollen", mawu amenewa muwadziwe bwino chifukwa kuchipatala amafunika. Koma akanena kuti wina ali ndi "swollen head" kapena "big head" si matenda, ndi kudzitukumula. Musasokoneze ndi mwambi wathu uja woti mutu ukakula sulewa nkhonya, ife pamenepo tikunena udindo wa munthu wamkulu, iwo akunena matama, ndiye musadzawauze abwana kuti ali ndi big head poganiza kuti mukuwalemekeza chonde. Wodzichemerera yekha ku Britain amati "blow your own trumpet", aku America amakonda "toot your own horn".

Kubwerera ku nkhani yanu achemwali, yankho limenelo si lomaliza ayi, ndi lozemba chabe. Adikireni tsiku limene ali osangalala, muwafunse mwaulemu kuti nkhani ya malipiroyi mudzakambiranenso liti, atchule mwezi, ndipo mulembe penapake tsiku limene mwafunsalo.